Nephrolepis, Chomera cha Masamba Onga Lupanga: Maonekedwe, Malo Omera ndi Kufalikira Kwake m'Mapiri a Mutare

Mau Oyamba

Zomera za gulu la fern sizipatsidwa malo ambiri m'maphunziro a alangizi a zaulimi. Chifukwa chake nchodziwika: sizichita maluwa, sizibala zipatso, ndipo mlimi sazikolola. Komabe mlangizi amene akugwira ntchito m'madera a mapiri, monga kuno ku Mutare, ku Manica, ku Angonia, ku Dedza, ku Zomba kapena ku Mulanje, amakumana nazo m'minda ya nthochi, ya khofi ndi ya tiyi, m'malo odyetsera ziweto ndiponso m'mbali mwa ngalande za madzi. Zina mwa izo nzachilengedwe cha kuno ndipo sizivuta munthu. Zina nzachilendo ndipo zikalekereredwa zimalanda malo. China chimadwalitsa ng'ombe mpaka kuzipha.

Nkhani ino ikufotokoza za banja limodzi la zomerazi, lotchedwa Nephrolepis, limene masamba ake ndi aatali, opyapyala ndi osongoka kunsonga ngati lupanga. Cholinga nchakuti mlangizi athe kulizindikira, kusiyanitsa mitundu yake inayi imene imapezeka m'chigawo chathu, ndi kudziwa uti woyenera kuusiya, uti woyenera kuuzula. Popeza maina a zomerazi amasiyana dera ndi dera, ndiponso chinenero ndi chinenero, tigwiritsa ntchito maina a sayansi kuti mlangizi wa ku Chipata ndi mnzake wa ku Chimoio azimvana.

Dzina ndi Mbiri Yake

Dzina lakuti Nephrolepis linaperekedwa m'chaka cha 1834 ndi Heinrich Schott, katswiri wa zomera wa ku Austria. Ndi mau awiri a Chigiriki: loyamba litanthauza impso, lachiwiri litanthauza mamba. Schott anaona kuti kachivundikiro kamene kamaphimba timbewu kunsi kwa tsamba kamaoneka ngati impso. Tiona patsogolo kuti kachivundikiro kameneka ndi chimodzi mwa zizindikiro zodalirika.

Kwa zaka zambiri maina a mitundu ya m'banjali anali osokonezeka, chifukwa mitunduyo imafanana kwambiri ndipo ina imakwatirana. M'chaka cha 2005 akatswiri awiri, Hovenkamp ndi Miyamoto, anaunikanso banja lonse ndipo anavomereza mitundu 19 pa dziko lonse lapansi. Za m'chigawo chathu zinalembedwa ndi E. A. Schelpe m'chaka cha 1970 m'buku la Flora Zambesiaca, limene limafotokoza zomera za ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana, ndiponso ndi John Burrows m'chaka cha 1990.

Maonekedwe Ake

Tsinde la Nephrolepis nlalifupi ndipo limabisala m'zinyalala kapena m'mng'alu wa mwala. Masamba amaphuka pamodzi kuchokera pa tsindelo ngati chitsa cha udzu. Tsamba likamatuluka limakhala lopindika kunsonga monga mchira wa bilimankhwe, ndipo limatambasuka pang'onopang'ono kuyambira kumunsi. M'banja limeneli nsonga ya tsamba imachedwa kuleka kukula, kotero kuti tsamba lokhwima kumunsi likhoza kukhala likadali lopindika kumapeto.

Tsamba lililonse lili ndi msana umodzi, ndipo mbali zonse ziwiri za msanawo kwandandalika timasamba ting'onoting'ono, monga mano a chipeso. Timasambato sitigawikanso. Mlangizi asunge mfundo imeneyi, pakuti ndiyo imasiyanitsa Nephrolepis ndi chomera choopsa chimene tichitchule patsogolo. M'mitundu yambiri, patsinde pa katsamba kalikonse pamakhala kakhutu kotulukira cha kumwamba. Katsambako kamalumikizika ku msana ndi kamfundo, ndipo pakauma kamathothoka pa kamfundo pomwepo. Nchifukwa chake chitsa chakale chimakhala ndi misana yambiri yopanda masamba, youma ngati waya.

Pamwamba pa katsamba, kufupi ndi m'mphepete, pamaoneka timadontho toyera tondandalika bwino. Pamenepa ndi pothera timitsempha, pamene chomera chimatulutsira madzi usiku. Madziwo akauma amasiya mchere woyera. Si nthenda ayi.

Kunsi kwa katsamba kokhwima kumakhala timabala tofiirira, mzere umodzi mbali iliyonse ya mtsempha wapakati. Kabala kalikonse ndi kankhokwe ka timbewu tonga fumbi, kophimbidwa ndi kachivundikiro kaja konga impso. Alimi ambiri akaona timabalati amaganiza kuti ndi nthenda ya dzimbiri kapena tizilombo tokakamira pa tsamba, ndipo amaopa kuti tifalikira ku khofi kapena ku nyemba. Mlangizi awaonetse kuti timabala ta nthenda timamwazikana chisawawa, pamene tinkhokwe ta mbewu timafola mzere mofanana pa katsamba kalikonse. Kupopera mankhwala pamenepa nkutaya ndalama chabe.

Chizindikiro chachikulu cha banja lonse ndi tizingwe topyapyala, tolimba ngati waya, timene timatuluka pa tsinde ndi kuyanga pamwamba pa nthaka kapena m'zinyalala. Kachingwe kakafika pa malo achinyontho kamamera mizu, ndipo pamenepo pamaphuka chitsa chatsopano. M'mitundu iwiri tizingweto timabalanso timbatata tozungulira, ta msinkhu wa nzama kapena kuposerapo pang'ono, tokhala ndi timamba kunja ndi madzi ambiri m'kati. Timbatata timeneti timasunga moyo wa chomera m'chilimwe ndipo timatha kuphuka patokha.

Kuberekana Kwake

Njira yoyamba ndi ya timbewu tonga fumbi tija. Tikakhwima timauluka ndi mphepo mtunda wautali. Kambewu kakagwa pa malo onyowa sikamera chomera chofanana ndi make nthawi yomweyo. Kamayamba kamera kanthu kobiriwira, kopyapyala, kooneka ngati mtima, kosafika sentimita imodzi. Pa kanthu kameneka pamakhala mbali yachimuna ndi yachikazi, ndipo mbewu yachimuna imachita kusambira m'madzi a mame kapena a mvula kuti ikafike ku dzira. Zikakumana mpamene chomera chimene timachidziwa chimabadwa. Kayendedwe kameneka ka mibadwo iwiri yosinthana kanafotokozedwa ndi Wilhelm Hofmeister wa ku Germany m'chaka cha 1851. Apa tikuona chifukwa chimene zomerazi zimachulukira ku malo a nkhungu: popanda madzi okhalitsa pa nthaka kapena pa mwala, mbadwo watsopano sungayambe.

Njira yachiwiri ndi ya tizingwe ndi timbatata. Imeneyi sidikira mphepo kapena mame. Chitsa chimodzi chikakhazikika chimatambalala chaka ndi chaka mpaka kuyala mphasa yothithikana. Timbewu ndito timatengera chomera ku malo atsopano, koma tizingwe ndi timbatata ndito timachigwiritsa malowo.

Mitundu Inayi Yoyenera Kuidziwa

Mtundu woyamba ndi Nephrolepis undulata, umene ndi wachilengedwe cha kuno. Dzina lake limanyamula chikumbutso cha Adam Afzelius wa ku Sweden, amene anatola zomera ku Sierra Leone pakati pa 1792 ndi 1796. Masamba ake ndi ofewa, opyapyala, obiriwira motuwirako, ndipo pa chitsa chimodzi samachuluka. Uli ndi timbatata. Khalidwe lake lalikulu nlakuti umayendera nyengo: umaphuka mvula ikayamba, umabala timbewu, ndipo chilimwe chikafika masamba onse amauma nkutha, kutsala timbatata tokha m'nthaka. Umakonda ming'alu ya matanthwe, m'mbali mwa timitsinje ndi pamthunzi m'nkhalango za miombo. Umapezeka m'maiko ambiri otentha a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique, ndiponso ku Madagascar, ku India ndi ku America. Sulanda malo a mbewu ndipo palibe chifukwa choulimbanira.

Mtundu wachiwiri ndi Nephrolepis cordifolia, umene Linnaeus anaulemba koyamba m'chaka cha 1753. Kwao ndi ku Asia, ku Australia ndi ku zilumba za nyanja ya Pacific, ndipo kuno unabwera monga chokongoletsera pakhomo. Masamba ake ndi olimba, oimirira chilili, otalika pafupifupi masentimita 30 mpaka 90, ndipo m'lifupi mwake kawirikawiri sapitirira masentimita 7. Timasamba take ntobunthwa kunsonga, tothithikana, ndipo timakhutu take timasanjikizana mpaka kubisa msana wa tsamba ukayang'ana kunsi. Nawonso uli ndi timbatata, koma suuma m'chilimwe: umakhala wobiriwira chaka chonse. Uwu ndiwo wofunika kuuyang'anira.

Mtundu wachitatu ndi Nephrolepis exaltata, wochokera ku America: ku Florida, ku zilumba za Caribbean mpaka ku Brazil. Masamba ake ndi aatali kuposa a cordifolia, amafika mita imodzi ndi theka, ndipo amawerama. Timasamba take ntosongoka, ndipo ulibe timbatata. Kuchokera ku mtundu umenewu kunatuluka chomera chotchuka cha m'miphika chotchedwa Boston fern, chimene chinazindikiridwa m'chaka cha 1894 pakati pa zomera zotumizidwa ku mzinda wa Boston kuchokera ku Philadelphia. Nchimene timachiona chitapachikidwa m'makonde a mahotela ndi m'maofesi.

Mtundu wachinayi ndi Nephrolepis biserrata, waukulu koposa inayi yonse. Masamba ake amapitirira mamita awiri, timasamba take ntotalikirana ndipo tina timafika masentimita 20, ndiponso kachivundikiro kake ka timbewu nkozungulira. Ulibe timbatata. Ndi wachilengedwe m'maiko otentha a dziko lonse. M'chigawo chathu umakonda malo otsika, otentha ndi achithaphwi, monga nkhalango za m'madambo a m'mbali mwa nyanja ku Mozambique ndi ku KwaZulu-Natal, ndipo umameranso pa thunthu la mitengo ya kanjedza.

Mwachidule, mlangizi achite zinthu ziwiri. Choyamba, akumbe pansi pa chitsa ndi kufufuza timbatata. Ngati palibe m'zitsa zingapo, chomeracho chikhoza kukhala exaltata kapena biserrata, ndipo kukula kwa masamba kudzamuuza. Ngati tilipo, achite chachiwiri: abwerenso m'mwezi wa Sepitembala. Akapeza masamba atauma nkutha, ndi undulata wa kwathu. Akapeza akadali obiriwira ndi othithikana, ndi cordifolia wachilendo.

Malo a Mutare

Mzinda wa Mutare uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,100 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo umalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 pa chaka. Koma mtunda wa makilomita 30 okha kum'mwera cha kum'mawa, m'mapiri a Bvumba, nyengo ndi ina. Nsonga ya Castle Beacon imafika mamita 1,911, ndipo mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja ya Indian ikagunda mapiriwo imasanduka nkhungu ndi mvula yowaza ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Kuno mvula imeneyi amaitcha guti, ndipo ndi yomwe ija anthu a ku Thyolo ndi Mulanje amaidziwa ndi dzina lakuti chiperoni. Nchifukwa chake nkhalango ya Bunga, munda wa zomera wa boma wa ku Bvumba, ndi munda wa La Rochelle kufupi ndi Penhalonga zili ndi mitundu yambiri ya fern.

Dera limodzi lomweli lili ndi malo oyenera mitundu yosiyana. Matanthwe ndi nkhalango za miombo zozungulira Christmas Pass ndi Cecil Kop, kumene chilimwe chimauma kwenikweni, ndi malo a mtundu umene undulata amakonda, popeza iye amatha kugona m'nthaka kudikira mvula. Malo a nkhungu, m'mphepete mwa nkhalango zobiriwira, pansi pa mitengo ya paini, ndi m'zigwa za nthochi ndi tiyi monga Burma Valley ndi Honde Valley, ndi kumene mtundu wosauma ngati cordifolia ungapeze zonse zimene umafuna: mthunzi wopepuka, zinyalala zowolerana ndi chinyontho cha chaka chonse. Mlangizi wa ku Zomba, ku Mulanje kapena ku Gurue adzaona kuti mau amenewa akufotokozanso dera lake.

Chifukwa Chochenjerera

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sachedwa kuchoka. Mlendo uyu sali choncho. Cordifolia akatuluka m'munda wa maluwa amayala mphasa ya mizu, tizingwe ndi masamba akufa, yothithikana kotero kuti mbewu za mitengo zikagwa sizifika pa nthaka, ndipo zimene zamera zimasowa kuwala. Nkhalango imaoneka yobiriwira pansi, koma mitengo yaing'ono yodzalowa m'malo mwa ikuluikulu imakhala kulibe.

Zimenezi zaoneka kale m'maiko ena. Ku Florida mtunduwu uli m'gulu la zomera zachilendo zoononga kwambiri. Ku New Zealand nkoletsedwa kuugulitsa kapena kuufalitsa. Ku South Africa malamulo a m'chaka cha 2014 anaika cordifolia pamodzi ndi exaltata pa mndandanda wa zomera zolanda malo, ndipo m'zigawo za mvula yambiri monga KwaZulu-Natal, Mpumalanga ndi Limpopo analamula kuti zichotsedwe. Mitundu ya m'miphika yosabala timbewu sinaikidwe pa mndandandawo. Tizindikire kuti mapiri a Limpopo ndi Mpumalanga ali ndi nyengo yofanana ndi ya mapiri athu.

Chigawo chathu chili ndi maphunziro akeake. Udzu wa pamadzi wotchedwa Salvinia molesta, umene ndi wa gulu la fern wochokera ku Brazil, unaphimba malo oposa masikweya kilomita 1,000 a nyanja ya Kariba m'chaka cha 1962, ndiko kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanjayo. Chitsamba cha Vernonanthura polyanthes, chochokeranso ku Brazil, chinabzalidwa kufupi ndi Sussundenga ku Mozambique m'zaka za m'ma 1990 kuti njuchi zizipezapo chakudya, ndipo chinaoloka malire nkufalikira m'madera a Chimanimani ndi Bvumba. Palibe chomera chimene chimaima pa Forbes kapena pa Machipanda kuti chidindidwe chiphaso. Zimene mlangizi wa tsidya lino walekerera, mnzake wa tsidya lina adzazilimbana.

Njira yaikulu imene cordifolia amatulukira m'midzi ndi m'matauni ndi manja a anthu. Chitsa chikakula mopitirira, mwini munda amazula nkukataya kuseri kwa mpanda, m'mbali mwa msewu kapena m'khwawa. Timbatata timaphuka pomwepo, ndipo tina timakokoloka ndi madzi kupita kumunsi. Ena amapatsana zitsa monga mphatso nkuyenda nazo pa basi kuchokera dziko lina kupita lina. Enanso amabzala dala pa migula ndi pa makoma a ngalande pofuna kugwira nthaka.

Kusiyanitsa ndi Chomera Chopha Ng'ombe

Mlangizi asasokoneze Nephrolepis ndi Pteridium aquilinum, chomera cha gulu lomweli chimene chimadzaza m'mapiri a Nyanga, Nyika, Zomba ndi Mulanje, makamaka pamene pamapsa moto kawirikawiri. Tsamba la Pteridium ndi lotambalala, la ngodya zitatu, logawika kawiri kapena katatu ngati nthambi za mtengo, ndipo limaphuka lokhalokha kuchokera ku tsinde lakuda loyenda pansi pakuya. Timbewu take timabisika m'mphepete mwa tsamba mopindikira kunsi, osati m'timabala tozungulira.

Pteridium ali ndi poizoni wotchedwa ptaquiloside, amene anapezedwa ndi akatswiri a ku Japan m'chaka cha 1983. Ng'ombe zimene zadya chomerachi kwa nthawi yaitali zimatuluka zotupa m'chikhodzodzo ndipo zimakodza magazi. Zikadya chochuluka pa masabata ochepa zimatha kukha magazi m'thupi monse nkufa. Akavalo ndi nkhumba zimadwala nthenda ya mitsempha chifukwa chomerachi chimaononga vitamini B1. Vutoli limakula msipu ukasowa, makamaka moto ukadutsa, pamene mphukira za Pteridium ndizo zimayamba kubiriwira. Koma mkodzo wofiira umabweranso ndi nthenda yofalitsidwa ndi nkhupakupa, choncho mlangizi aitane wa zaumoyo wa ziweto msanga kuti apime. Nephrolepis sadziwika ndi poizoni wa mtundu umenewu.

Ubwino Wake

Sitikunena kuti banja lonseli ndi mdani. Ku Malaysia ndi ku Indonesia alimi a kanjedza wa mafuta amasiya biserrata kuti aphimbe nthaka pakati pa mizere, chifukwa amasunga chinyontho ndi kuchepetsa kukokoloka kwa nthaka. Ku Nepal, kumene cordifolia ndi wachilengedwe, anthu amatafuna timbatata take pofuna kupha ludzu. Boston fern amagulitsidwa pa dziko lonse, ndipo alimi a maluwa akhoza kupezapo ndalama ngati akumusunga m'miphika. Phindu la chomera limadalira malo amene chili: cha kwao chimakhala ndi adani ake achilengedwe ochiletsa, pamene chachilendo chimakhala chitawasiya kutali.

Zoyenera Kuchita Alangizi

Choyamba, musazule musanazindikire. Undulata ndi biserrata nzachilengedwe ndipo zisiyidwe.

Chachiwiri, mukapeza cordifolia kunja kwa munda wa maluwa, makamaka m'mphepete mwa nkhalango kapena mtsinje, chotsani chitsa chikadali chaching'ono. M'mera mpoyamba. Kutchetcha ndi chikwakwa sikuthandiza, chifukwa tsinde ndi timbatata zimatsala. Kumbani ndi khasu nthaka ikadali yofewa, tolani tizingwe ndi timbatata tonse, yanikani pa lata kapena pa thanthwe mpaka ziume gwa, kenaka tenthani pa malo otetezeka. Musaziike pa dzenje la manyowa. Bwererani pa malopo mvula yotsatira ikagwa, ndiponso chaka chinacho, kudzazula zophukira.

Chachitatu, pamene mwazula pa malo otsetsereka musasiye nthaka yamaliseche. Bzalani udzu wa vetiva wa mtundu wosabala mbewu, umene suyanga, kapena zomera zina za m'deralo. Kufupi ndi madzi pewani mankhwala ophera udzu pokhapokha mutalangizidwa ndi akatswiri a kafukufuku.

Chachinayi, kumbutsani alimi ndi ogulitsa maluwa kuti chomera chamoyo sichioloka malire popanda chilolezo ndi chikalata cha umoyo wa zomera chochokera ku boma.

Chachisanu, tumizani zitsanzo kwa osunga zomera zouma: ku National Herbarium ya ku Harare, ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, ku Mount Makulu ku Zambia, kapena ku IIAM ku Maputo. Chitsanzo chabwino chikhale ndi tsinde, tizingwe, timbatata ngati tilipo, ndi tsamba lokhala ndi tinkhokwe ta mbewu. Chipanikizeni pakati pa nyuzipepala ndi matabwa awiri, ndipo sinthani mapepalawo tsiku ndi tsiku mpaka chiume. Lembani dzina la mudzi ndi boma, tsiku, mtundu wa malo, kukula kwa malo amene chaphimba, ndi dzina limene anthu a kumeneko amachitchula.

Mau Otsiriza

Akatswiri a zomera ndi ochepa, ndipo sangafike m'khwawa lililonse la pakati pa Chimanimani ndi Nyika. Alangizi ndiwo amayenda m'malo amenewa sabata ndi sabata. Chitsanzo chimodzi cholembedwa bwino, chochokera ku Honde Valley, ku Tsangano kapena ku Lichinga, chimathandiza maiko onse anayi kudziwa pamene mtundu wachilendo wafika ndi pamene sunafike. Tikupempha alangizi onse a m'madera a mapiri kuti m'chilimwe chikudzachi ayendere m'mphepete mwa nkhalango ndi mitsinje ya m'dera lao, akumbe pansi pa zitsa zimene zikadali zobiriwira, ndi kudziwitsa malo a kafukufuku amene ali nao pafupi zimene apeza.